Nyale ya pa Phiri la Yamadera

Amene anakulira kumudzi monga ife akukumbukira bwino mwambo wa kupala moto. Kale machesi asanachuluke m'magolosale, mayi akadzuka m'mamawa n'kupeza kuti chikuni chake chazima usiku, ankatuma mwana ndi phale kunyumba yoyandikana nayo kuti akapale moto. Panalibe womana mnzake, pakuti aliyense ankadziwa kuti wopatsa lero ndiye wopempha wa mawa. Ife tinatumidwapo kangapo konse ulendo wotere tili ana kuno ku Chama, ndipo tinkayesa kuti ndi nzeru ya kwathu kokha. Sitinkadziwa kuti tsiku lina, imvi zitayamba kale kumera, tidzakamva nkhani ya kupala moto pa phiri lina la ku Japan, m'kachisi wa anthu a chipembedzo cha Chibuda, ndi kuti nkhaniyo idzatichititsa manyazi pa ntchito yathu ya ukatekisiti.

Ulendowu unabwera motere. Mwana wathu wachisamba anali pa maphunziro apamwamba mumzinda wa Sendai, kumpoto chakum'mawa kwa dziko la Japan, ndipo kumeneko iye ndi mkazi wake Mulungu anawadalitsa ndi mwana wamkazi. Anatitumizira matikiti a ndege kuti ife ndi mayi a kunyumba tikakhale nawo pa ubatizo wa mdzukulu wathuyo. Tinanyamuka mu Julaye 2023, mpunga titakolola kale, kudzera ku Lundazi ndi ku Chipata mpaka ku Lusaka, ndipo kuchokera kumeneko tinauluka usiku ndi usana mpaka miyendo inachita dzanzi. Za ubatizo ndi za makhalidwe a anthu a kumeneko tidzakusimbirani mwezi wina. Lero tikufuna kukamba za tsiku limodzi lokha, Loweruka lina, patapita masiku a Lamulungu awiri chichokere kwathu.

Madzulo a Lachisanu mwana wathu anati, "Atate, mawa ndikufuna ndikakuonetseni kachisi wakale wa Abuda amene ali pa phiri. Simungabwerere kwathu osamuona." Tivomere poyera kuti tinayamba tadodoma. Kwa zaka 24 takhala tikuphunzitsa ana ndi akulu omwe lamulo loyamba la Mulungu, ndipo kusukulu ya mishoni kumene tinaphunzira anatilera ndi mantha aakulu pa nkhani ya mafano. Tinadzifunsa kuti, kodi akhristu a kwathu akadzamva kuti aphunzitsi awo anakavula nsapato m'kachisi wa chipembedzo china, adzati chiyani? Amene anatimasula ndi mayi a kunyumba. Iwo anati, "Inu abambo, kodi kuona ndiye kupembedza? Mlendo akafika pamudzi amapereka ulemu kwa eni mudzi, koma chiwongo chake sasintha."

Mawu amenewa anatikumbutsa zimene Eklezia mwini wake amaphunzitsa. Pa 28 Okutobala 1965, Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican unatulutsa chikalata chotchedwa Nostra Aetate, chimene chimatchula Chibuda ndi dzina, ndipo chimatilangiza kulemekeza zoona ndi zabwino zopezeka m'zipembedzo zina, popanda kuleka kulalika Khristu. Papa John Paul II, yemwe uja anadzatichezera kuno ku Zambia mu Meyi 1989, anaitana atsogoleri a zipembedzo zosiyanasiyana ku Assisi pa 27 Okutobala 1986 kuti adzapempherere mtendere, aliyense monga mwa mwambo wake, ndipo Abuda analipo. Tsono tinagwirizana m'banja kuti tipita monga alendo aulemu: tidzavula chipewa ndi nsapato pamene eni ake amavula, tidzakhala chete pamene iwo akupemphera, koma sitidzagwadira fano kapena kupereka nsembe.

Kwa awerengi amene sanamvepo, Buddha si dzina la mulungu ayi, koma ndi dzina laulemu lotanthauza munthu wogalamuka. Mwini wake anali Siddhartha Gautama, mwana wa mfumu, wobadwira ku Lumbini m'dziko limene lero ndi Nepal, zaka pafupifupi 500 Ambuye Yesu asanabadwe. Ataona ukalamba, matenda ndi imfa, anasiya chuma cha atate ake nakafunafuna gwero la masautso a munthu. Anaphunzitsa kuti gwero lake ndi chilakolako chosakhutira ndi kukakamira zinthu zimene sizikhalitsa. Abuda saphunzitsa za Mulungu Mlengi monga tikhulupirira ife, ndipo amati munthu amabadwa kambirimbiri kufikira atamasuka. Apa ndiye tasiyana nawo kwambiri, ndipo palibe chifukwa chobisira. Chipembedzochi chinafika ku Japan kudzera ku China ndi ku Korea m'zaka za m'ma 500, ndipo masiku ano chili ndi akachisi ngakhale kuno kum'mwera kwa Africa, monga wa Nan Hua ku Bronkhorstspruit m'dziko la South Africa.

M'mawa wa Loweruka tinakwera sitima ya pa njanji ya Senzan, imene imalumikiza Sendai ndi Yamagata. Patatha pafupifupi ola limodzi tikudutsa m'zigwa ndi m'mapanga obooledwa m'mapiri, tinatsika pa kasiteshoni kotchedwa Yamadera, dzina lotanthauza kachisi wa paphiri. Dzina lenileni la kachisiyo ndi Risshakuji. Tidakali pa siteshoni pomwepo, mwana wathu anatilozera kumwamba. Pakati pa mitengo yobiriwira panali matanthwe otuwa oimirira ngati zipupa, ndipo pa matanthwewo panamatirira tinyumba tating'ono ngati zisa za anamzeze. Mayi a kunyumba anangoti, "Kodi tikafika kumene kuja ndi maondo athu omwewa?" Tinaoloka kamtsinje ka Tachiya n'kudutsa m'timasitolo togulitsa timibulu totentha totchedwa konnyaku, tophikidwa mu msuzi wa soya n'kubayidwa pa kamtengo, timene eni ake amati timapatsa mphamvu zokwerera phiri. Tinadyako mwaulemu, koma kunena zoona chinangwa chootcha cha kwathu chimaposa.

Patsinde pa phiri pali nyumba yaikulu yamatabwa yotchedwa Konpon Chudo. Mbiri ya pamalopo imati kachisiyu anakhazikitsidwa m'chaka cha 860 ndi mmonke wotchuka dzina lake Ennin, amene anakhala zaka zisanu ndi zinayi ku China, kuyambira 838 mpaka 847, kufunafuna maphunziro. Nyumba imene ilipo lero inamangidwa mu 1356, kutanthauza kuti inali itaima kale zaka zoposa 500 pamene amishoni oyamba a White Fathers ankafika m'dziko lathu lino mu 1891. Tinavula nsapato n'kulowa. M'katimo munali kamdima ndi fungo la lubani, ndipo chakutsogolo kunali nyale ikuyaka mwakachetechete, kuwala kwake kosaposa kwa koloboyi. Pakadapanda mwana wathu kutigwira pamkono, tikadaipitirira osaiona.

Moto wa nyale imeneyi sunayatsidwire pomwepo ayi, unachita kupalidwa. Kufupi ndi mzinda wa Kyoto kuli phiri la Hiei, ndipo pa phirilo pali kachisi wamkulu wa Enryakuji, amene ndi mayi wa akachisi onse a gulu la Abuda lotchedwa Tendai. Woyambitsa wake, Saicho, anayatsa nyale kumeneko m'chaka cha 788 ndi cholinga chakuti isadzazime. Ennin anali wophunzira wake, ndipo moto wa nyale ija unatengedwa kupita nawo ku Yamadera, mtunda wautali kuposa wochokera ku Chama kukafika ku Chipata, nthawi imene kunalibe galimoto kapena sitima. Mu 1521, pa nthawi ya nkhondo za mafumu, kachisi wa ku Yamadera anatenthedwa ndipo nyale inazima. Mu 1543 amonke anakapalanso moto wina ku Hiei. Koma mu 1571 zinthu zinatembenuka. Mkulu wa nkhondo Oda Nobunaga anazinga phiri la Hiei, natentha akachisi ake, napha anthu ambirimbiri, ndipo nyale ya kwa mayi inazima. Pamene ankamanganso Enryakuji, moto anakaupala kwa mwana, ku Yamadera, n'kuubwezera kwawo mu 1589. Motero moto umene ukuyaka kulikulu ndi wochokera kunthambi ya kumudzi.

Titamva zimenezi tinakondwa ngati kuti akunena za ife. Ife a ku Chama tili kutali ndi ku Chipata kumene kuli Ambuye Episkopi. Dzinja likafika, mitsinje yothira mu Luangwa imadzaza, misewu imasanduka matope, ndipo alipo matchalitchi a m'midzi amene amatha miyezi osaona wansembe. Tinadzitama mumtima kuti ife ndiye Yamadera wa kwathu, osunga moto kutali. Koma mwana wathu anali asanamalize. Anati, "Mukudziwa, Atate, chimene amati chasunga nyale ya ku Hiei? Amathiramo mafuta a njere za repu m'mawa ndi madzulo, koma amati palibe mmonke mmodzi amene anapatsidwa udindo umenewu. Aliyense woona kuti mafuta achepa amathira. Amati ukasankha munthu mmodzi, ena onse amaleka kuyang'ana, ndipo tsiku limene iye wadwala nyale imazima." Anatiuzanso kuti m'Chijapani mawu otanthauza kusasamala ndi yudan, ndipo amalembedwa ndi zizindikiro ziwiri, china cha mafuta, china cha kudula. Ife tinagwedeza mutu, tikuganiza kale za momwe tidzalumikizire zimenezi ndi fanizo la anamwali khumi ndi nyale zawo pokaphunzitsa ena. Sitinaganize kuti phunzirolo linali lathu.

Kuchoka pamenepo tinafika pa chipata cha Sanmon, pamene munthu amalipira kandalama kolowera asanayambe kukwera. Tinati tilipire tokha, mwana asamangotilipirira zonse. Tikupisa dzanja m'kathumba ka m'kati mwa chikwama kufuna ndalama zachitsulo, chala chinakhudza kanthu kena komangidwa ku kachingwe. Anali kiyi wa kabati ya kutchalitchi kwathu. M'kabati imeneyo mumakhala buku la mawerengo a Lamulungu, buku la mapemphero opanda wansembe, mabuku a nyimbo, nsalu ya paguwa ndi kaundula wa akatekumeni. Tinaikapo loko zaka zapitazo mabuku ena atasowa, ndipo chiyambire kiyiyo sanagonepo m'nyumba ya munthu wina. Tinali titalonjeza kumusiya kwa apampando a tchalitchi, koma tsiku lonyamuka basi inali ya mbandakucha, ndiye tinaiwala. Tikutero kuti tinaiwala, koma pamaso pa Mulungu tikudziwa kuti chinthu chimene mtima sukufuna kupereka, mutu suvutika kuchiiwala. Mayi a kunyumba anayang'ana kiyi, nayang'ana ife, osanena kanthu. Bola akadalankhula.

Masitepe a miyala a ku Yamadera alipo 1,015 kukafika pamwamba, ndipo eni ake amati sitepe iliyonse imene munthu waponda imamuchotsera chilakolako chimodzi choipa. Njira imakhotakhota pansi pa mitengo italiitali yonga mikungudza, yotchinga dzuwa. Uku ndi uku kuli miyala yosemedwa yokutidwa ndi ndere, ndi timafano tating'ono tovekedwa tinsalu tofiira. Posakhalitsa tinafika pa kanyumba kotchedwa Ubado, momwe muli fano la nkhalamba yaikazi imene Abuda a ku Japan amati imavula zovala anthu akufa pamene akuoloka mtsinje wa imfa. Kale apaulendo ankasamba pamenepo, n'kusiya zovala zakale, n'kuvala zatsopano asanapitirire. Tinakumbukira kansalu koyera kamene mdzukulu wathu anavekedwa pa ubatizo, ndipo tinaona kuti mtima wa munthu kulikonse umadziwa kuti kumalo oyera sapita ndi litsiro.

Kunali kutentha kwa chinyezi, thukuta kamukamu, ndipo m'mitengo monse nyenje zinali kulira monga zimalirira mu Okutobala m'mitengo ya tsanya kuno kuchigwa. Mwana wathu anatiimika pa mwala wina wotchedwa Semizuka, kutanthauza mtumbira wa nyenje, woikidwa pokumbukira mlakatuli wamkulu wa dzikolo, Matsuo Basho, amene anafika pa phirili mu 1689 nalemba kandakatulo kakafupi ka bata la pamalopo ndi kulira kwa nyenje. Chapamwamba pang'ono pali thanthwe lalitali lotchedwa Midahora, lodzaza ndi zolemba zogoba zokumbutsa anthu akufa, ndipo patsinde pake pali timitengo tokhala ndi kagudumu kamene anthu amazunguza popempherera abale awo. Tinaona bambo wina wokalamba ataima pamenepo nthawi yaitali, manja ataphatikiza, milomo ikugwedera. Tinadutsa kumbuyo kwake monyang'ama. Titapyola chipata cha Niomon, chomangidwa mu 1848, chokhala ndi zifanizo ziwiri za alonda a nkhope zoopsa, mitengo inayamba kuchepa ndipo thambo linaonekera. Kumtunda komweko tinapeza bokosi lofiira loponyamo makalata, ndipo tinamva kuti wantchito wa positi amakwera masitepe onsewa kudzawatenga.

Koma tisakunamizeni kuti tinaona zonsezi ndi mtima wokhazikika. Kiyi uja, ngakhale anali wochepa ngati nsawa, anatilemera ngati mphero. Poti eni ake amati sitepe iliyonse ili ndi ntchito yake, nafenso tinazipatsa ntchito: tinati pa sitepe iliyonse titchule dzina la mkhristu mmodzi amene tinamuphunzitsa kutsogolera mapemphero ife palibe. Tinakwera masitepe khumi, makumi awiri, zana, osapeza dzina ndi limodzi lomwe. Mayina a anthu okhoza analipo ambiri, koma lililonse tinali titaliikira chifukwa. Uyu amawerenga mochita kudodoma. Uyo ndi mwana kwambiri. Amayi aja ndi amanyazi. Abambo aja angadzayambe kudzimva. Zaka 24 takhala tikudandaula kwa Bambo Mfumu kuti akhristu a kwathu ndi aulesi, zonse amasiyira katekisiti. Pa masitepe a Abuda ndi pomwe tinazindikira kuti sanatisiyire iwo, tinachita kuwalanda ife.

Titafika kumathero a masitepe, pa nyumba ya Okunoin, tinapuma, kenaka tinabwerera pang'ono n'kupatukira ku kanjira kopita kumphepete kwa phompho. Kumeneko kuli nyumba ya Kaisando yokumbukira Ennin, ndipo pambali pake, pansonga penipeni pa thanthwe, pali kanyumba kofiira kotchedwa Nokyodo, kosungiramo malemba awo okopedwa pamanja. Kukwera pang'ono kuchokera apo tinalowa mu Godaido, khonde lamatabwa lomangidwa mu 1714, lotulukira kunja kwa thanthwe ngati nsanja ya mlonda wa m'munda. Lilibe zipupa kutsogolo ndi m'mbali, koma mizati, denga ndi kampanda kogwirira.

Abale, ife a m'chigwa tinazolowera kuona mapiri tili pansi. Timaona Muchinga uko kumadzulo, wabuluu, dzuwa likamalowa kuseri kwake. Tsiku limenelo tinaona dziko monga amalionera kabawi. Pansi pa mapazi athu panali nsonga za mitengo, kenaka phompho, kenaka chigwa chonse chitayalidwa ngati mphasa. Mtsinje uja tinaoloka unali ngati ulusi, madenga a nyumba ngati timabokosi ta machesi, timinda tobiriwira todulidwadulidwa, ndipo sitima inali kutuluka m'phiri ngati bongololo. Kuseri kwa chigwa kunali mapiri, kuseri kwa mapiriwo mapiri enanso, mpaka otsiriza anasungunuka mu nkhungu. Kamphepo kozizira kanatiuma thukuta. Anthu onse amene anali pamenepo, ana asukulu ndi nkhalamba zomwe, ankalankhula monong'ona popanda wowauza. Mayi a kunyumba anachita chizindikiro cha mtanda nati, "Mulungu ngwamkulu," ndipo sitinaone chowonjezera.

Tili chiimire pamenepo tinafunsa mwana wathu nthawi. Inali 2 koloko masana, kutanthauza kuti kwathu inali 7 koloko m'mawa, pakuti Japan ali patsogolo pathu ndi maola asanu ndi awiri. Tinatsikira pambali kuti tisasokoneze anthu, n'kupempha foni yake kuti tiimbire apampando. Atatha malonje, tinafunsa za mapemphero. Iwo anayamba akhala chete, kenaka anati, "Aphunzitsi, tinaopa kukuvutitsani muli kutali. Lamulungu loyamba anthu anabwera ambiri, koma titapeza kabati yokiya tinakhala pang'ono, ena n'kumati tidikire eni ake abwere, basi tinabalalika. Lamulungu lachiwiri tinabwera ochepa. Agogo aja a m'bungwe la amayi anaimirira nati, kodi Mulungu naye amukiyira m'kabati? Anayambitsa korona, ndipo kamtsikana kena ka sukulu kanawerenga Mthenga Wabwino m'Baibulo la amake. Sitikudziwa ngati tinalakwa." Tinawayankha kuti sanalakwe, wolakwa ndi ife, ndipo tinawapempha kuti tsiku lomwelo atenge nyundo akaphwanye loko. Anatifunsa kawiri ngati amva bwino.

Potsika phiri maondo ankanjenjemera, koma chimene chinkatipweteka kwambiri chinali Lamulungu loyamba lija. Ntchito ya zaka 24 inazima pa sabata limodzi, popanda nkhondo, popanda Nobunaga, chifukwa cha kachitsulo kamene kanali m'chikwama chathu. Ndipo amene anaikoleza ndi gogo wosadziwa kuwerenga ndi kamwana kamene sitikadakalola n'komwe kuima kutsogolo. Buddha anaphunzitsa kuti kukakamira kumabala masautso. Ambuye athu Yesu, amene tikhulupirira kuti ndiye kuwala kwenikweni, ananena kale kuti nyale saivundikira, ndipo sanagwire ntchito yekha: anasankha khumi ndi awiri, natumanso ena ambiri awiriawiri, ngakhale ankadziwa kufooka kwawo. Zonsezi tinkazidziwa pamtima ndipo tinkaziphunzitsa. Zinatengera nyale ya anthu a chipembedzo china kuti tizimve.

Mawa lake tili pa Misa mu Sendai, pakati pa akhristu ochepa a Chijapani, tinakumbukira kuti Eklezia wa m'dziko lomwelo ali ndi umboni wake pa nkhaniyi. Mthenga Wabwino unafika ku Japan ndi Francis Xavier Woyera mu 1549, koma mu 1614 Chikhristu chinaletsedwa, ansembe anathamangitsidwa ndipo ena anaphedwa. Kwa zaka zoposa 200 akhristu a m'midzi ya kufupi ndi Nagasaki anakhala opanda wansembe. Anagawana ntchito: wina wosunga kalendala ya masiku oyera, wina wobatiza ana, wina wofalitsa mauthenga kunyumba ndi nyumba. Pa 17 Malichi 1865, kagulu ka anthu a ku Urakami kanalowa m'tchalitchi chatsopano cha Oura n'kudziulula kwa Bambo Bernard Petitjean kuti ndi akhristu. Chikhulupiriro chikadakhala m'manja mwa munthu mmodzi, chikadalowa naye m'manda m'badwo woyamba womwewo.

Titabwerera ku Chama tinapeza loko ataphwanyidwadi, ndipo sitinagule wina. Tinapepesa pamaso pa mpingo wonse, chinthu chimene sichinali chapafupi kwa munthu wa msinkhu wathu. Mabuku tsopano amakhala m'kabati yongotseka ndi kamtengo, ndipo amayang'anira ndi onse. Tinakambirana ndi Bambo Mfumu, ndipo Lachinayi lililonse timakhala pansi ndi anthu asanu, amayi awiri, abambo awiri ndi mnyamata mmodzi, kukonzekera mawerengo ndi mapemphero a Lamulungu, ndipo amatsogolera mosinthana. Sitinganene kuti zonse zikuyenda bwino. Buku limodzi la nyimbo lasowanso. Wina akamawerenga n'kudumpha mzere, lilime limatiyabwa, ndipo mayi a kunyumba amachita kutiponda phazi kuti tikhale chete. Koma mu Febuluwale 2024 malungo atatigoneka masabata awiri, tinamva tili pamphasa belu likulira pa nthawi yake, kenaka nyimbo yolowera. Palibe amene anabwera kudzafunsa kiyi.

Tsono okondedwa awerengi, makamaka inu akatekisiti anzathu, apampando, oimbitsa kwaya ndi atsogoleri a mabungwe, dzifunseni funso limene ife tinalephera kuyankha pa masitepe aja: mutadwala lero, ndani angathire mafuta? Nanunso makolo, kodi pemphero la madzulo m'banja mwanu limachitika bambo kapena mayi akachokapo? Udindo ndi wofunika, ndipo Eklezia ali ndi dongosolo lake limene tiyenera kulilemekeza; palibe katekisiti kapena gogo amene angalowe m'malo mwa wansembe paguwa. Koma pemphero, Mawu a Mulungu ndi chikondi kwa odwala ndi za obatizidwa onse. Makolo athu anati mutu umodzi susenza denga. Ndipo inu a m'matchalitchi a kutali, amene mumadziona ngati oiwalika, musapeputse kamoto kanu, pakuti simudziwa tsiku limene a kulikulu adzabwere ndi phale pakhomo panu.

Kiyi uja tikadali naye. Tinamupachika pa msomali pansi pa mtanda wa m'chipinda chathu, ngakhale palibenso chimene amatsegula. Tikamamuona popemphera madzulo, timakumbukira amonke a ku Yamadera ndi bambo wokalamba uja wa pa thanthwe, ndipo timawapereka m'manja mwa Mulungu amene amadziwa mitima ya anthu onse. Ambuye akusungeni mpaka tidzachezenso mwezi wamawa.